Mukapeza magaloshi akale pa kaunjika, asamaleni motere

Azimayi aku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 sankasiya gogoda kunyumba chifukwa cha mvula ayi. Ankavala magaloshi pamwamba pake, nsapato za labala za chidendene champhako choti gogodayo ilowemo, akafika ku ofesi n'kuwavula pakhomo nsapato yamkati ili youma bwinobwino. Ena ankakhala ndi zipi kutsogolo ndi kaubweya mozungulira kakolo, ena a pulasitiki yoonekera mkati. Ndi osowa kwambiri, ndiye mukawapeza pamulu musawasiye.

Choyamba musanalipire, apindeni pang'ono chakuzala ndi pachidendene. Mukaona timing'alu tambirimbiri ngati dothi la m'dambo mwezi wa October, kapena labala akumata m'manja, ameneyo watha basi, palibe mankhwala ake. Koma kutuwa koyera pamwamba pa labala kusakuopseni, nthawi zambiri ndi phula lomwe amathira popanga labala likungotulukira kunja, limachoka. Muyesenso ndi gogoda yanu pomwepo chifukwa mphako ija inapangidwira chidendene cha msinkhu wake, gogoda ikatalika kwambiri siilowa.

Kunyumba tsukani ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wamba ndi kansalu kofewa. Bulashi yolimba ayi, bulitchi ayi. Ndiye poumitsa apa ndi pomwe ambiri amawonongera, kuyanika padenga la malata kapena pafupi ndi mbaula kuti aume msanga, chonsecho dzuwa ndi kutentha ndi zomwe zimaumitsa labala mpaka kuthetheka. Aikeni pamthunzi podutsa mphepo, mkati mufwinyiremo mapepala ndipo muzisintha akanyowa.

Akauma pakani gilisalini pang'ono pokha, yemweyu timadzolayu, kenako pukutani. Vaseline, palafini kapena polishi musayerekeze, mafuta ochokera ku petulo amadya labala. Zipi ikamavuta ikhuleni ndi kandulo, osakoka mwamphamvu.

Posunga aimikeni chilili m'katoni pamalo ozizira, osawapinda kapena kuwasanjikiza ndi katundu wina.

Kavalidwe kake, ganizani za sitayilo yomwe Christian Dior, katswiri wa mafashoni wa ku France, anatulutsa mu 1947, siketi yotambasuka yopitirira maondo ndi lamba wothina m'chiuno. Telala wanu atha kusoka ya chitenje, muwonjezere mpango kumutu. Ine ndingoti muziwavala pa kamvula kowaza popita kutchalitchi kapena ku ukwati, matope a mumsika asiyireni jombo zatsopano, labala wa zaka 70 sangapirire zimenezo.