Kukhotera kumanzere ku Michigan

Amene mwangofika kumene ku Detroit, mzinda wa ku Michigan ku America komwe magalimoto amayenda kumanja, m'misewu ya Telegraph Road ndi 8 Mile mphambano zambiri salola kukhotera kumanzere pamaloboti. Ine ulendo woyamba ndinangopitirira, GPS ikundilalatira njira yonse.

Mukafuna kukhotera kumanzere, dutsani mphambanoyo, samukirani kumanzere msanga, patsogolo pang'ono mupeza potembenukira pakati pa msewu. Tembenukani, pitani mbali ya kumanja, kenako khotani kumanja pamphambano yomwe ija. Loboti ya potembenukirapo ikakhala yofiira, imani kaye. Ngati palibe chikwangwani choletsa ndipo sikukubwera galimoto, lowani. Mukangokhala phee akumbuyo akuimbirani hutala mpaka manyazi.

Zimaoneka ngati kuzungulira, koma simupingasana ndi magalimoto ochokera kutsogolo, ndipo maloboti sachedwa kutsegula poti sadikira okhotera kumanzere.