Kusintha ma tag mu Notepad++ class ndi id osazigwira

Sabata yatha amalume anandipatsa peji ya pa intaneti (fayilo ya HTML) ya mitengo ya shopu yawo ya ku Kapata, nshawa, nyemba, saladi, zonse zili mu <b class="mtengo">, ati ndisinthe zikhale <strong>. Mukati mwa ma tag ambiri muli class, ena id, ena style, ndiye mukafufuta n'kulembanso pamanja chinachake chimatsala ndithu, mawa mupeza mitengo ina yataya mtundu wake.

Manje njira yake ndi iyi anzanga. Choyamba sungani kope ina ya fayilo, osalumpha apa, malaiti akathima muli pakati pa ntchito mukhale ndi pobwerera. Tsegulani fayilo mu Notepad++, dinani Ctrl+H, pansi pa Search Mode sankhani Regular expression. Pa Find what lembani:

<(/?)b\b([^>]*)>

Pa Replace with lembani:

<\1strong\2>

Zomwe zili m'mabulaketi makina amazigwira n'kuzisunga. Bulaketi yoyamba igwira ka / kamene kamakhala pa tag yotsekera, yachiwiri igwira zonse zochokera pa dzina la tag mpaka pa >, ndiye class, id, style zonse zili mmenemo, kenako \1 ndi \2 zizibweza pamalo pake mmene zinalili. Yotsegulira ndi yotsekera zisinthira limodzi.

Koma ka \b ako musakasiye chonde, ndi kamene kakuuza makina kuti dzina la tag lathera pomwepo. Popanda iko adzagwiranso 
<br>, <body>, <button> poti zonse ziyamba ndi b, 
 <br> isanduka <strongr> ndipo peji lonse lisokonekera.

Musathamangire Replace All. Dinani Find Next kangapo muone ngati akugwira zoyenera, ine ndimadinanso Count (ili pa tabu ya Find) kuti ndione nambala, ikakhala yosagawika pawiri ndimadziwa kuti pali tag ina imene sinatsekedwe, ndiifunefune kaye. Zikalakwika Ctrl+Z ilipo.

Ogwiritsa VS Code ndi chimodzimodzi, Ctrl+H kenako Alt+R, kungoti pa Replace mulembe <$1strong$2>.

Mkati mwa attribute (zija za m'kati mwa tag ngati class, id, style) mukakhala chizindikiro cha >, monga mu onclick, makina aimira pa > yoyamba imene apeza, koma dzina la tag lisinthabe bwino ndipo zotsalazo zikhala mmene zinalili. Komabe mizere yotereyo muifufuze kaye n'kuiona ndi maso mmodzi mmodzi, kawirikawiri siikhala yambiri.