Kasankhidwe ka mapaipi ndi mapulasitiki ofewa kwa oyenga mafuta, osonkhanitsa mkaka ndi opera chiponde

Aliyense amene wagwirako ntchito pa makina oyengera mafuta a mpendadzuwa amaidziwa paipi yoonekera mkati ija, imene imatenga mafuta kuchokera pa sefa kukathira m'chigubu. Ikakhala yatsopano imapindika ngati chingwe, koma ikatumikira miyezi ingapo imasanduka yachikasu, imauma gwa, ndipo tsiku lina imangothyokera pamene inamangidwa ndi waya. Ambiri amangoti yakalamba, n'kupita kukagula ina ku sitolo ya zipangizo zomangira, osadzifunsa kuti chimene chinkaifewetsa chija chapita kuti. Mbali yaikulu ya chinthucho imakhala itasungunukira m'mafuta omwewo amene gulu linagulitsa pamsika kapena kuphikira ndiwo kunyumba.

Mapaipi ambiri otere amapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC, imene payokha ndi yolimba, monga tionera pa mapaipi a madzi ndi a zimbudzi okwiriridwa pansi. Njira yoifewetsera inatulukiridwa m'chaka cha 1926 ndi Waldo Semon, amene ankagwira ntchito ku kampani ya B.F. Goodrich ku America, ndipo kuchokera nthawi imeneyo opanga zinthu akhala akusakaniza PVC ndi mankhwala onga mafuta kuti apange mapaipi othirira, jombo, magolovesi, zidole ndi zikuto za mawaya a magetsi. M'zinthu zofewa kwambiri, mankhwalawa amatha kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chinthucho, mwinanso kuposa. Samatirirana ndi pulasitiki, koma amangokhala pakati pake monga amakhalira madzi m'dongo loumbira mbiya, ndipo akachoka pulasitiki imauma monga limaumira dongo. Kwa zaka zambiri ofala kwambiri anali a gulu la phthalates, makamaka DEHP pamodzi ndi anzake DBP, BBP ndi DIBP. Amasungunuka mosavuta m'mafuta kusiyana ndi m'madzi, ndipo amatuluka msanga pamene pali kutentha ndiponso pamene chakudya chakhalitsa m'chotengera.

Mankhwalawa sali ngati a mbozi amene munthu akamwa amagwa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake nkhani yake siimveka m'midzi. Vuto lake ndi loti amasokoneza mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa kakulidwe ndi ubereki. Ofufuza anaona kuti makoswe aakazi akapatsidwa DEHP kapena DBP ali ndi bere, ana awo aamuna amabadwa ndi ziwalo zoberekera zosakula bwino, ndipo umboni umenewu ndi umene unachititsa mayiko kuyamba kuteteza amayi oyembekezera ndi makanda. Mayiko a European Union analetsa ena mwa mankhwalawa m'zidole zimene ana osakwana zaka zitatu amaika m'kamwa m'chaka cha 1999, nakhwimitsa lamulolo mu 2005, ndipo kuyambira mu July 2020 anayi aja saloledwa kupitirira 0.1 peresenti m'katundu wambiri wogulitsidwa kwa anthu. Dziko la America linakhazikitsa malire omwewo pa ena mwa mankhwalawa m'zidole mu 2008. Ku Taiwan, m'chaka cha 2011, kunadziwika kuti opanga ena ankathira dala DEHP m'zosakanizira zakumwa m'malo mwa mafuta a kanjedza pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, ndipo katundu wochuluka anachotsedwa m'masitolo. Gulu limene likulakalaka kudzagulitsa mafuta kapena chiponde kunja liyenera kudziwa kuti ogula a kumeneko amayeza zinthu zimenezi.

Zofewetsera zina zosaopsa chimodzimodzi zilipo, ndipo si zachilendonso pa msika wa dziko lonse. Kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kugulitsa DINCH mu 2002, makamaka kuti izigwiritsidwa ntchito m'zidole, m'zipangizo za kuchipatala ndi m'zotengera zakudya. Palinso DOTP, imene ena amailemba DEHT, ndipo ngakhale dzina lake lonse limamveka ngati la phthalate, kapangidwe kake n'kosiyana ndipo pa kafukufuku sinaonetse mavuto a ubereki aja. Zimene ziyenera kutikopa ife alimi ndi zochokera ku mbewu. ATBC imapangidwa kuchokera ku asidi wa mtundu umene umawawasa mandimu, ESBO imachokera ku mafuta a soya, ndipo kampani ya Danisco ya ku Denmark inapanga chofewetsera china kuchokera ku mafuta a nsatsi, zomwe zija zimangodzimerera m'mabwinja ndi m'mphepete mwa minda popanda wozisamala. 

Tisanamizane kuti chochokera ku mbewu sichituluka m'pulasitiki. Nachonso chimatuluka, kungoti thupi limachigaya mosavutirapo ndipo chikatayidwa chimawola msanga. Chitsanzo ndi kampira kofewa kamene kamakhala kunsi kwa chivindikiro chachitsulo cha botolo lagalasi, komwe nthawi zambiri kamakhala PVC yofewetsedwa ndi ESBO. Chiponde kapena tsabola wa m'mafuta akamakhudza kampirako kwa miyezi amayamwa mankhwalawo, moti ku Ulaya anaika malire a mamiligalamu 60 pa kilogalamu ya chakudya, ndi 30 pa zakudya za makanda. Choncho podzaza mabotolo siyani mpata pamwamba, ndipo muwasunge choimika pamalo ozizira, osati chogoneka pa thebulo lapadzuwa.

Pamene pakudutsa mafuta kapena mkaka, njira yabwino koposa ndi kusankha chinthu chimene sichifuna chofewetsera n'komwe. Chitsulo chosachita dzimbiri ndicho choyamba, ndipo zichitini za mkaka zachitsulo zimene magulu osonkhanitsa mkaka amalimbikitsa zili ndi ubwino umenewu kuwonjezera pa kutsukika bwino. Pamene pakufunika kupinda, paipi ya silicone (yonga ya mpira) yopangidwira zakudya imapirira kutentha ndipo siuma ngati ya PVC, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Zigubu za mafuta ophikira zokhala ndi nambala 2 pansi pake ndi za pulasitiki ina yotchedwa polyethylene, imene imakhala yofewerapo mwachibadwa. Majumbo nawonso ndi a polyethylene, kotero kuti mlandu wawo ndi wina, wotseka ngalande ndi kupha ziweto zikawameza, osati wa phthalates. Ndanena izi chifukwa pamisonkhano anthu amakonda kuika mapulasitiki onse m'thumba limodzi, n'kuiwala paipi imene ili pa makina awo.

Pogula, yambani mwayang'ana chizindikiro cha makona atatu. Nambala 3, kapena zilembo PVC kapena V, zikutanthauza kuti muyenera kufunsa chimene anafewetsera. Paipi yodalirika imakhala ndi malemba m'mbali mwake osonyeza wopanga ndi ntchito yake, ndipo ina imalembedwa kuti phthalate-free kapena DEHP-free, kapena imakhala ndi chithunzi cha kapu ndi foloko. Pemphani wogulitsa akuonetseni pepala la wopanga lotchula dzina la chofewetsera ndi kunena ngati paipiyo ndi yoyenera zakudya zamafuta, pakuti ina imaloledwa pa madzi okha. Ngati palibe cholembedwa chilichonse, dulani kachidutswa kakang'ono mukaponye m'kapu ya madzi. Ka polyethylene kamayandama pamene ka PVC kamamira. Dziwani kuti silicone nayo imamira, koma imeneyo imatamuka ngati mpira ndipo ilibe fungo lamphamvu la pulasitiki yatsopano. Paipi yothirira ndiwo zamasamba kudimba kapena yoyezera levulo pomanga nyumba isapezeke pa makina a chakudya, ngakhale itaoneka yoyera bwanji.

Gulu limene silingathe kusintha zipangizo zonse nthawi imodzi liyambire pamene mafuta amatuluka ali otentha, kenako pamene amakhalitsa. Mafuta aziyamba azizira m'chotengera chachitsulo asanadutse m'paipi, asamagone m'paipi usiku wonse, ndipo paipi ikayamba kuuma, kumata m'manja kapena kuchita chikasu ichotsedwe osadikira kuti ithyoke. Ogwira chiponde ndi nyama asiye magolovesi a vinyl, omwe ndi a PVC, n'kugula a mpira wotchedwa nitrile. Paipi yochotsedwayo isaperekedwe kwa ana kuti aziseweretsa, ndiponso isadulidwe kuti ikhale yoyatsira mbaula, chifukwa PVC ikamapsa imatulutsa utsi wa asidi wolasa m'maso ndi pakhosi pamodzi ndi poizoni wotchedwa dioxin. Isonkhanitsidwe m'thumba pamalo amthunzi, kutali ndi chitsime ndi khola, mpaka itapita kumalo otayira zinyalala ovomerezeka ndi khonsolo.