Mmene mungafufuzire makalata a John Bartram

Mukufuna makalata a John Bartram (1699-1777), katswiri wa zomera wa ku Philadelphia? Yambirani ku Historical Society of Pennsylvania, bungwe losunga zolemba zakale, komwe kuli mapepala a banja lake. Tsegulani kalozera wawo pa intaneti, lembani nambala ya bokosi ndi ya foda, kenako pemphani zithunzi pa imelo kapena konzani tsiku lopitako. Tengani pensulo, cholembera cha inki sachilola m'chipinda chowerengera.

Kalata imakhala kwa amene anailandira. Bartram ankalembera kwambiri Peter Collinson wa ku London, choncho fufuzaninso ndi dzina limeneli.

Pamene ambiri amaphophonya ndi pa madeti. Chisanafike chaka cha 1752, England ndi madera ake a ku America ankayamba chaka pa 25 Malichi. Choncho deti lolembedwa Febuluwale 1745/6 ndi la 1746 pa kawerengedwe kathu. A chipembedzo cha Quaker, monga banja la Bartram, ankatchula miyezi ndi manambala, ndipo nthawi imeneyo "mwezi woyamba" unali Malichi. Koperani deti monga linalembedwera, lanu lomasulira likhale pambali.

M'zolemba za nthawi imeneyo, chilembo chachitali chooneka ngati f nthawi zambiri ndi s.