Kukonza ulendo wa ku Kochi ndi Alappuzha: gombe, ngalande ndi nyumba za atsamunda

Ulendo wa kugombe la Kerala, kummwera chakumadzulo kwa India, suvuta pa nkhani ya mtunda. Fort Kochi (dera lakale la mzinda wa Kochi), mzinda wa Alappuzha ndi magombe osambirako zonse zayandikana. Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi nthawi, chifukwa chilichonse kumeneko chili ndi yakeyake. Nyumba zakale zimayendera masiku a sabata, maukonde a asodzi amayendera kukwera kwa madzi, maboti ogonamo amaima dzuwa lisanalowe, pomwe nyanja imayendera nyengo. Mukalondoloza zinayi zimenezi musanalipire malo ogona, masiku asanu akwanira.

Yambani ndi mwezi. Mvula yamkuntho imayamba chakumayambiriro kwa Juni mpaka Seputembala, ndipo ina imagwanso mu Okutobala ndi Novembala. M'miyezi ya mvula yoyambayo nyanja ya Arabia imalusa, mchenga umakokoloka m'magombe ambiri ndipo kusambira n'kuika moyo pachiswe. Mu Ogasiti 2018 madzi osefukira anamiza madera ambiri a Kerala. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumatentha ndiponso thukuta siliuma. Nthawi yabwino ndi Disembala mpaka Febuluwale, koma pewani sabata yomaliza ya Disembala ngati thumba lili lopyapyala. Ku Fort Kochi kumakhala chikondwerero cha Cochin Carnival, chimene chimafika pachimake powotcha chidole chachikulu chotchedwa Pappanji pakati pa usiku wolowera chaka chatsopano, ndipo mitengo ya zipinda imakwera kwambiri.

Bwalo la ndege la Kochi lili ku Nedumbassery, makilomita oposa 40 kuchokera ku Fort Kochi. Lipirirani takisi pa kauntala ya m'bwalo momwemo kuti mtengo udziwikiretu, ndipo sinthani ndalama pang'ono mukhale ndi ma rupee ang'onoang'ono olipirira maboti. Kagoneni ku Fort Kochi kwenikweni osati ku Ernakulam, gawo la mzindawu limene lili kutsidya kwa madzi, kuti zambiri muzizifikira wapansi. Pasipoti ikhale pafupi chifukwa malo aliwonse ogona amayenera kulembetsa mlendo wakunja kuboma.

Tsiku loyamba dzukani m'mamawa mupite kumene kuli maukonde a cheena vala. Ndi maukonde akuluakulu opachikidwa pa mitengo yotalika pafupifupi mamita 10, ndipo kumbuyo kwake amamangirira miyala pa zingwe kuti kulemera kufanane. Amuna anayi mpaka asanu ndi mmodzi amatsitsa ukonde m'madzi, n'kudikira mphindi zochepa, kenako n'kukoka. Amagwira ntchito madzi akakwera basi. Mukafika madzi ataphwa mupeza mitengo ili njo popanda munthu, choncho funsani komwe mwagona kuti madzi akwera nthawi yanji. Asodzi akakuitanani kuti mukoke nawo, dziwani kuti ayembekezera kangachepe, ndipo ndi bwino kugwirizana musanakwere pathandala.

Kuchoka pamenepo, tchalitchi cha St Francis chili chapafupi. Apwitikizi anayamba kuchimanga ndi matabwa mu 1503. Vasco da Gama, amene anafika kugombe limeneli mu 1498, anamwalirira ku Kochi mu 1524 n'kuikidwa m'tchalitchimo, ndipo patapita zaka 14 mafupa ake anawatengera ku Portugal. Malo a manda akewo akuonekabe. Mzindawu unadutsa m'manja atatu: Apwitikizi, Adatchi kuyambira 1663, kenako Angerezi kuyambira 1795. N'chifukwa chake m'zipupa za tchalitchi chimodzi muli miyala ya pamanda ya Chipwitikizi ndi ya Chidatchi, pomwe kumwamba kwalendewera nsalu zokupizira mphepo za nthawi ya Angerezi, zimene ankazikoka ndi chingwe. Pali tchalitchi chinanso, Santa Cruz Basilica, koma imene muione lero si yoyambirira. Angerezi anaigwetsa yakaleyo, ndipo yatsopanoyi inapatulidwa mu 1905. Manda a Adatchi a mu 1724 nthawi zambiri amakhala okhoma, funsani ku St Francis. Awa ndi malo opemphereramo mpaka lero: valani zobisa mapewa ndi mawondo, vulani nsapato pamene akuuzani, ndipo Lamlungu m'mawa asiyireni eni ake.

Ku Mattancherry, makilomita ochepa kuchokera ku Fort Kochi, musapiteko Lachisanu kapena Loweruka. Nyumba yachifumu ya kumeneko imatseka Lachisanu, ndipo sunagoge wa Paradesi satsegulira alendo Loweruka ndi pa zikondwerero za Chiyuda. Nyumba yachifumuyo anthu amaitcha Dutch Palace, komatu anaimanga ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500 ngati mphatso kwa mfumu ya Kochi. Adatchi anangoikonzanso. Kunja kwake sikukopa maso, chuma chili m'kati: zithunzi zojambulidwa pakhoma zofotokoza nthano zachipembedzo cha Chihindu, zothithikana kuyambira pansi mpaka kudenga. Zipatseni ola lathunthu. Sunagoge uja anamangidwa mu 1568, ndipo pansi pake anayalapo matailosi obiriwira ngati mtambo ochokera ku China, ojambulidwa pamanja. Mumalowa opanda nsapato.

Oyendetsa zinjinga zamoto za matayala atatu adzakuuzani kuti akuzungulitsani mzinda wonse pa mtengo wotsika modabwitsa. Phindu lawo lili m'masitolo a zokometsera ndiwo ndi ziboliboli momwe akakutsitseni. Nenani komwe mukupita ndi mtengo wake musanakwere. Powolokera ku Ernakulam kwerani boti la boma kapena la Water Metro, imene inayamba kuyenda mu 2023, chifukwa pamsewu pamadzaza magalimoto.

Alappuzha, imene ena amaitchulabe Alleppey, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 55 kummwera, ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono pa sitima kuchokera ku Ernakulam. Apa ndi pamene pamafunika kuganiza mofatsa. Kuseri kwa gombe kuli nyanja ya Vembanad, yaitali kuposa zonse mu India, yolumikizana ndi mitsinje ndi ngalande zambirimbiri. Dera la Kuttanad amalima mpunga m'minda imene ili pansi kuposa nyanja yamchere, yotchingidwa ndi zipupa zadothi ndi miyala, moti muli m'bwato mumayang'ana munda chotsika.

Boti logonamo amalitcha kettuvallam. Kale linkanyamula mpunga, ndipo matabwa ake ankawasoka ndi chingwe cha makoko a kokonati popanda msomali. Kawirikawiri mumakwera cha m'ma 12 masana n'kutsika 9 koloko m'mawa wotsatira. Chimene otsatsa malonda satchula n'chakuti cha m'ma 5:30 madzulo boti limakocheza kuti asodzi atchere maukonde awo, ndipo limaimanso pa nkhomaliro. Maola oyenda ndi ochepa, usiku wonse mumakhala pamalo amodzi, nthawi zina pakati pa maboti ena ochuluka ndi phokoso la majenereta. Musanalipire funsani kuti mukakocheza pati, makina oziziritsa chipinda ayaka maola ati (m'maboti ambiri ndi usiku wokha), botilo ndi lanu nokha kapena mugawana ndi ena, ndiponso mudya chiyani. Nsomba ya karimeen yokulunga m'tsamba la nthochi ndiyo yotchuka kumeneko, koma nkhanu amakonda kukugulitsani padera. Ngati n'kotheka lionereni botilo ndi maso: chiphaso chake, majekete oyandamitsa okwanira aliyense, chozimira moto, ndi mawindo otchinga udzudzu. Zithunzi za pa intaneti zimakhala za tsiku limene botilo linali latsopano.

Kwa amene akufuna kuona moyo wa m'ngalande, bwato laling'ono limaposa boti lalikululo kutalitali. Kettuvallam singalowe m'tinjira topapatiza kapena kudutsa pansi pa timilatho tatifupi, kumene kuli nyumba za anthu, abakha ndi opota zingwe. Lembani bwato lopalasa kapena kaboti ka shikara kwa maola atatu kapena anayi kuyambira mbandakucha. Njira yotchipa kuposa zonse ndi boti la boma lopita ku Kottayam, la maola awiri ndi theka, limene limaima m'midzi kunyamula ana asukulu ndi ogwira ntchito. Namasupuni akachuluka amatseka ngalande zina n'kusintha njira ya boti, choncho funsani pa doko dzulo lake. Musasambe m'ngalandemo chifukwa madzi oipa a m'nyumba ndi m'maboti amathiramo, ndipo musajambule munthu amene akusamba kapena kuchapa pakhomo pake musanapemphe. Pamenepo ndi pakhomo pa munthu.

Gombe la Fort Kochi ndi la Alappuzha ndi loyendapo madzulo, osati losambirapo. Ku Alappuzha onani nsanja yowunikira zombo ya mu 1862 ndi zotsalira za mlatho wakale wolowa m'nyanja. Posambira pitani ku Cherai pachilumba cha Vypin, powoloka ndi pantoni kuchokera ku Fort Kochi, kapena ku Marari kumpoto kwa Alappuzha. Lowani m'madzi pokhapo pamene pali opulumutsa anthu, ndipo mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe ngakhale madzi aoneke odekha. Malo amene mafunde sakusweka, pakati pa malo awiri amene akusweka, nthawi zambiri ndi mkokomo wa madzi obwerera m'nyanja. Ukakukokani musalimbane nawo molunjika kumtunda, mutopa msanga. Yandamani, kwezani dzanja, sambirani motsata gombe mpaka mutulukemo, kenako mubwerere kumchenga. Nambala yangozi mu India ndi 112, ndipo ikhale mufoni yanu musanafike kugombe.