Onani kaye par ya tee imene mukumenyerapo

Anzanga a kuno ku Kasungu amene mwayamba gofu, musanamenye mpira woyamba, tengani scorecard (khadi lolembapo zigoli) muyang'ane mzere wa mtundu wa tee (malo omenyerapo mpira woyamba) imene mwaimapo. Par ya dzenje, kutanthauza kuti mukuyenera kumenya kangati kuti mpira ulowe m'dzenjemo, imatengera mtunda wochokera pa tee yanuyo, komanso ngati ndinu bambo kapena mayi.

Tinene dzenje la mayadi 430. Kwa abambo ndi par 4, poti malire awo amafika 490. Kwa amayi par 4 imathera pa 420, ndiye dzenje lomwelo kwa iwo ndi par 5.

Ine tinatsala pang'ono kuyambana ndi alamu anga aakazi pa dzenje ngati limeneli. Atamenya kasanu anati "par!", ine n'kumati akundibera, chonsecho amalondola ndi iwowo. Tsopano ndimalemba mzere wathu ndi pensulo tisanayambe.