Mmene ndinaletsera app yanga kutaya ngongole za anthu

App yanga ndi ya eni magolosale, yolembamo katundu ndi ngongole za makasitomala. Anthu ankaitsitsa, koma pakatha sabata n'kuichotsa. Ndinkaganiza kuti vuto ndi maonekedwe, mpaka mayi wina wogulitsa pamsika anandiimbira: "Achimwene, ngongole ndinalemba dzulo yapita kuti?"

Kulakwa kunali kwanga. Chilichonse cholembedwa chinkapita molunjika ku seva (kompyuta ya pa intaneti yosungira zonse), ndiye netiweki ikadukiza kapena bandulo ikatha, zinkangosowa. Ine poyesa ndinkakhala pa Wi-Fi, nanga ndikanaziona bwanji?

Ndinasintha kuti zonse ziyambe zasungidwa m'foni momwemo, mu SQLite (nkhokwe yosungiramo zolembedwa) kudzera pa Room, chida cha Android chothandiza kugwiritsa ntchito nkhokweyo. Kutumiza ku seva ndinakusiyira WorkManager (chida cha Android chogwira ntchito kuseri), yomwe imadikira intaneti ibwere, ngakhale foni itazimitsidwa n'kuyatsidwanso. WorkManager siilola kuchita ntchito yobwerezabwereza pafupipafupi kuposa mphindi 15, koma kwa golosale zimenezo n'zokwanira.

Kenaka panabuka china: ngongole imodzi inkalowa kawiri ngati kutumiza kwadukira panjira. Apa ndinapatsa cholembedwa chilichonse nambala yakeyake, UUID, yopangidwira m'foni, ndipo seva ikaiona kachiwiri imangoinyalanyaza.

Masiku ano ndisanatulutse chatsopano ndimayesa pa kafoni kotchipa, data nditazimitsa.